Polishi wa Nsapato pa Manda a Eni

Mpaka lero akuluakulu ena a m'lokeshoni yathu ya Sakubva akandiona ndikudutsa ndi pepala m'khwapa amakodolana n'kufunsana kuti, "Kodi lero akukapukuta ndani?" Ana amaseka nawo osadziwa chiyambi chake. Ine ndimangokweza chipewa n'kupitirira, chifukwa dzina loti Chipukutamanda ndinalipeza ndi manja angawa, ndipo linatsala pang'ono kundilanda mkazi.

Zinachitika m'nthawi ya Chitaganya, mzinda uno wa kuno ku Halale ukadali kutchedwa Umtali. Ndinali mnyamata wochokera ku Dedza, kalaliki ku ofesi ya katundu ya njanji (kunena zoona ntchito yanga yaikulu inali kunyamula mapepala kuchoka pa tebulo ili kupita pa tebulo ilo, koma kumudzi ankadziwa kuti ndine kalaliki). Ndinali nditafunsira mbeta Esnati, mtsikana wobadwira konkuno amene ankathandiza anamwino kuchipatala, ndipo chinkhoswe chathu chinali chitayandikira. Atsibweni ake, a Lufeyo Banda, kapitawo wa osesa misewu, anali atandivomera. Koma mawu omaliza anali kwa mlongo wawo, aNabanda, mayi ake a Esnati. Iwowa akandiona ankapatuka njira monga achitira apongozi, choncho sindinkadziwa ngati akundilemekeza kapena akundida.

Mu ofesi mwathumo munali mzungu wachikulire wotayipa makalata, wosakwatiwa, amene tinkamutcha Dona Kachipewa chifukwa kachipewa kawo ka udzu sikankachoka kumutu ngakhale m'nyumba. Azungu enawo ankatiyankhula akafuna chinthu basi. A Dona ankatifunsa za kwathu, ndipo ukayankha ankamveradi. Tsiku lina positi inawabweretsera phukusi lalitali ngati mtondo wa mwana. Nditawapatsa anandiuza kuti ndiime kaye ndione.

Anatambasula pepala lalikulu loyera. Pakati pake panali pakuda bii, koma m'kudamo munkaoneka zilembo zoyera, ndi chithunzi cha bwato pamwamba.

"Awa ndi manda a agogo anga," anatero m'Chizungu, akumwetulira ngati andionetsa chithunzi cha ukwati.

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono. Iwo anaseka, n'kuyamba kundifotokozera.

Kwawo kunali kamudzi ka asodzi m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Mangalande. M'tchalitchi cha parishi yawo munali bokosi la mabuku, m'mene ansembe akhala akulemba kwa zaka mazanamazana, uyu akamwalira wina n'kupitiriza, aliyense wobatizidwa, wokwatira ndi woikidwa m'manda. Sankalemba olemera okha ayi. Msodzi ali momwemo, wosoka maukonde ali momwemo, mayi wogulitsa nkhanu ali momwemo. Ngakhale mlendo amene nyanja inamulavula pamchenga, wopanda womudziwa, anamupatsa mzere wake. A Dona ankalemberana ndi wansembe wa kumeneko, ndipo ankatha kutchula makolo awo mmodzimmodzi mpaka ine kutopa kuwerenga zala: uyu anamira ndi bwato, bambo ake ankakhoma mabwato, amayi ake anachokera mudzi wa kuseri kwa phiri. Za mapepalawo anati kwawo munthu amapita kumanda masana, n'kuyala pepala pa mwala wa manda, n'kupaka phula lakuda pamwamba pake, zilembo zonse n'kutuluka. Anatenga kapepala n'kundionetsa pa zilembo za sikelo ya katundu. Zinatulukadi.

Ndinagoma. Ndikunena zoona, ndinagoma ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndimagomabe. Anthu amene anaganiza kuti mayi wogulitsa nkhanu asaiwalike ndi anthu oyenera kuwavulira chipewa. Ine ndikayesa kutchula makolo anga ndinkafika pa agogo a amayi, kupitirira apo nkhungu yokhayokha. Ndipo kuno ku Halale tinkaika anzathu m'manda mwezi ndi mwezi, abale awo kumudzi osaona ngakhale mtumbira.

Usiku wake maganizo anandibwerera, ndipo akanakhala abwino akanandipeza munthu wina wanzeru. Bambo awo a aNabanda ndi a Lufeyo anagona ku manda a lokeshoni. Anabwera wapansi kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito kumigodi, n'kumwalirira kuno, ndipo Esnati anandiuzapo kuti a sosaite ya maliro anawaikira simenti n'kulembapo dzina ndi msomali. Ndinati ena pa chinkhoswe amanyamula nkhuku ndi lichero, ine ndidzaonjezapo mbiri. Ndinkaona kale apongozi akugwetsa misozi yachimwemwe, anthu akunong'onezana kuti Esnati wapeza mwamuna wophunzira.

Musandiyese mbuli. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti kwathu munthu salowa kumanda yekha, popanda maliro, popanda chilolezo cha akuluakulu. Ndinakulira m'mwambo umenewo. Koma tauni inali itandilowa m'mutu, ndipo ndinadziuza kuti manda a m'tauni ndi a boma, alibe mwini. Sindinauze Esnati pofuna kumudzidzimutsa. Sindinauzenso a Dona, choncho phula lenileni ndinalibe. Ndinasungunula kandulo n'kusakaniza ndi polishi wakuda wa nsapato, ndikudzitama kuti ngakhale ku Mangalande sanaganizeko zimenezi.

Loweruka titaweruka masana ndinapita kwa a Lufeyo kukabwereka njinga. Inali yatsopano, ya belu lolira ngati la tchalitchi, ndi mchira wa ng'ombe wopachika pa chiwongolero. Sakubva yense ankaidziwa.

"Ulendo wa kuti, mwana wanga?"

"Kwa telala, atsibweni. Kukayesa suti ya chinkhoswe."

"Chabwino. Koma usakaiyedzamiritse pamalo pachabe."

Ndinakaiyedzamiritsa pa mtengo wa pakati pa manda.

Kupeza mtumbirawo kunanditengera nthawi, moti ndinazungulira manda onse nditawerama, ndikusuzumira mtanda uliwonse. Nditawapeza, zilembo zinali zitadzaza dothi. Ndinathyola kanthambi n'kusesa. Sizinatheke. Ndinatenga botolo la madzi limene ndinanyamula, n'kuthira pa simentipo pang'onopang'ono. Kenaka ndinagwada n'kumakolokosa dothi m'zilembo ndi chala, ndipo poti ndinkaopa kuti libwereramo, ndinkaliika m'thumba la jekete. (Mukuona kumene nkhaniyi ikupita. Ine sindinkaona.)

Simenti itauma ndinayala pepala langa loyera, lalitali ngati nsanda. Amene akuidziwa mphepo ya kuno yotsika m'mapiri andimvetsa. Pepala linauluka, ine pambuyo, kulumpha mitumbira ya eni. Nditaligwira ndinavula nsapato n'kupsinjira ngodya ziwiri, ngodya zinazo ndinagwira ndi mawondo. Linkakupizabe pakati, ndiye ndinaligonera chafufumimba. Ndinayamba kupaka. Dzuwa linasungunula polishi uja, manja onse anada, ndipo popukuta thukuta ndinadzipaka kumaso. Koma abale, zilembo zinatuluka! Chimwemwe chinandigwira, ndinaiwala kumene ndinali, n'kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu:

"Yohane Kamwendo Banda! Yohane Kamwendo Banda wa ku Dedza! Mwatuluka!"

Aliyense wa kwathu amadziwa kuti ndani amaitana wakufa ndi dzina lake ali pamanda.

Ndinamva nkhuni zikugwa pansi. Nditadzutsa mutu ndinaona mayi wina wa Chimanyika, mbadwa ya kuno, ataima pa mpanda, manja ali kumutu. Anaona munthu wopanda nsapato, wakuda kumaso kuposa m'mene Mulungu anamulengera, atagonera manda pa nsalu yoyera, akuuza wakufa kuti watuluka.

"Maiwe! Muroyi! Muroyi masikati machena! Manyasarande atipedza!"

M'Chishona chakecho ankakuwa kuti waona mfiti masana poyera, Anyasa tawatha. Munthu wanzeru akanaimirira n'kufotokoza. Ine ndinakulunga pepala langa n'kuliyatsa liwiro, kulumpha mpanda wa mbali inayo, kudutsa m'chimanga cha eni mpaka kumtsinje. Pepala ndinalipulumutsa lopanda kung'ambika pena paliponse. Nsapato ndinasiya. Njinga ndinasiya.

Anthu atathamangira kumandako sanapeze ine. Anapeza njinga ya a Lufeyo Banda, mchira wa ng'ombe ukukupiza, pafupi ndi manda a bambo awo omwe, osesedwa bwino, onyowa m'mbali, opakidwa zakuda. Dzuwa lisanalowe nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti ukapitawo uja ndi njinga ija sizinabwere zokha, munthuyo wakhwimira bambo ake omubala. A Lufeyo anali mkulu wa mpingo. Lamulungu m'mawa atalowa m'tchalitchi, benchi yonse imene anakhalapo inasamuka.

Ine ndinadzitsekera m'chipinda changa, ndikuchapa kumaso ndi sopo wochapira zovala. Polishi wosakaniza ndi kandulo sachoka msanga (ngati mukufuna kudziwa, amachoka ndi palafini, pamodzi ndi khungu). Masana Esnati anagogoda. Sanalowe. Anaika nsapato zanga pakhomo.

"Nhai, inu. Izi si zanu?"

"Ndi zanga."

"Agogo anakulakwirani chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, za mabuku a parishi, za mayi wa nkhanu, za bwato. Esnati anandimvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la jekete langa lomwe linali pa msomali pafupi ndi chitseko, n'kutulutsa dothi lodzaza dzanja.

"Nanga ili ndi la parishi?"

Ndinalumbira kuti ndinangoliikamo kuti lisabwerere m'zilembo.

"Ine ndikukhulupirirani, chifukwa mfiti siingakhale yopusa chonchi," anatero. "Koma amayi akuti kwathu musapondeko, za chinkhoswe aiwale. Atsibweni akufuna mlandu Lamulungu likubwerali, pamaso pa sosaite. Mubwere ndi mboni, ngati muli nayo."

Mawu amenewo anandilasa. Esnati ndinkamukonda, ndipo ndinaona kuti ndamutaya chifukwa cha pepala.

Lolemba ndinaulula kwa a Dona. Anayamba ndi kuseka mpaka kachipewa kanapendekeka, koma nditafika pa chinkhoswe kuseka kunatha. Anapepesa kuti sanadziwe kuti kwathu manda ndi nkhani ina. Ndinawapempha kuti angondilembera kakalata. Anakana. Anati kalata siyankha mafunso, abwera okha. Masiku amenewo mzungu sankangolowa m'lokeshoni, ankayenera kukapempha kaye kwa woyang'anira, ndipo anzawo mu ofesi anawanena kuti apenga. Anapita kukapempha.

Mlandu unali pabwalo la nyumba ya a Lufeyo. Woweruza anali a Mbewe, wapampando wa sosaite ya maliro ya Anyasa. Pepala langa analikaniza kulowa, linatsala kunja kwa mpanda litapsinjidwa ndi njerwa. ANabanda anakhala pamphasa atafulatira, maso ali kukhoma, poti mkamwini, ngakhale wokanidwa, samuyang'ana. Kagalimoto ka a Dona katafika, ana a lokeshoni yonse anali pambuyo pake. Anatsika ndi mipukutu yawo m'manja, anapereka moni kwa aliyense, n'kukhala pa kampando kamene anapatsidwa. Ine anandiletsa kutanthauzira (anati wakuba sawerenga yekha mbuzi zotsala), ntchitoyo inagwera Esnati.

"Afunse Donawo," anatero a Mbewe, "kodi zopukuta manda anamuphunzitsa ndi iwo?"

Esnati anawafunsa, n'kutanthauzira yankho lawo. "Akuti inde. Akuti waphunzira msanga."

Panamveka kung'ung'udza.

"Nanga iwo apukutapo angati?"

"Akuti a kwawo onse amene anawapeza. Ena anapukuta okha ali mtsikana, ena amawatumizira."

"Amawasunga kuti?"

Esnati anandiyang'ana ngati akunditsanzika. "Akuti pansi pa bedi."

Amayi amene anali kutsogolo anakoka mphasa zawo m'mbuyo. A Lufeyo anamenya m'manja kamodzi n'kunena kuti, "Mwamva nokha. Ndi sukulu yathunthu." Ine ndinayamba kuganizira za sitima yobwerera ku Dedza.

Apa ndi pamene aNabanda anayankhula, osatembenuka, mawu ali pansipansi.

"Esnati. Uwafunse, amawasungiranji?"

A Dona anatsika pa kampando paja. Anagwada pansi, mzungu wachikulire pa fumbi la Sakubva, n'kutambasula pepala lija la bwato. Anayankhula pang'onopang'ono, Esnati akutsatira pambuyo.

"Akuti tchalitchi cha kwawo chili pamwamba pa gomo, nyanja ili pansi. Chaka chilichonse nyanja imadya gomolo. Akuti manda awa, a agogo awo, kulibenso. Anagwera m'madzi, mwala ndi mafupa omwe. Chatsala ndi pepala ili, ndi mzere umodzi m'buku la ansembe." Esnati anapitiriza: "Akuti iwo akalamba, kwawo mwina sadzabwererako. Akawasowa a kwawo amatambasula mapepalawa n'kuwerenga mayina."

"Ndiye kuti nawonso ndi mtchona," anatero a Mbewe.

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwina. Tonse pabwalo paja tinali matchona.

ANabanda anaitana Esnati pafupi. Kenaka anati, "Umuuze mwana wa eniyo atenge lakelo. Awerenge. Koma asakuwe ngati m'mene anachitira kumanda."

Ndinakalitenga kunja kwa mpanda n'kuliyala pansi. Ndinawerenga motsitsa: apa pagona Yohane Kamwendo Banda wa ku Dedza. ANabanda anadzikhwekhwereza chafutambuyo mpaka anafika pa pepalalo. Kuwerenga sankadziwa. Anayendetsa chala pa zilembozo chimodzichimodzi, chala n'kuda ndi polishi, iwo osasamala.

"Bambo ndi awa?"

"Ndi amenewo, amayi," anatero Esnati.

"Achimwene," aNabanda anaitana a Lufeyo, "mukuwakumbukira azakhali ku Dedza? Uthenga wa maliro tinatumiza, iwo anakana kumeta. Akuti munthu safa wopanda manda. Akuti mlongo wawo tinangomubisa kwa mkazi wina ku Joni. Mpaka lero munthu akatsika basi amamufunsa ngati wamuona. Manda sitingawanyamule." Anagogoda pepalalo ndi chala chakuda chija. "Ili likwere sitima."

A Lufeyo anakhala kukamwa yasa. "Nanga dzina langa, mlongo? Nanga benchi ya kutchalitchi?"

"Zimenezo akonze mwini wake. Ali ndi pakamwa, mwamva m'mene amakuwira."

Chilango changa chinali chotere. Ndinapereka nkhuku kwa a sosaite. Ndinapita ndi akuluakulu kumanda kukapepesa agogo chifukwa chowagonera pamimba. Kenaka ndinayenda Sakubva yense wapansi ndikukankha njinga ija, a Lufeyo ali pambali, ndikuima pakhomo lililonse kufotokoza kuti wopusayo ndinali ine. Mayi wa nkhuni uja nditamufotokozera m'Chishona changa chothyokathyoka anangopukusa mutu n'kulowa m'nyumba. Ndikukhulupirira kuti anamwalira akudziwabe zimene anaona.

Chinkhoswe chinachitika, a Dona ali pomwepo ndi kachipewa kawo. Pepala linanyamulidwa ndi bambo wina wobwerera kumudzi pa sitima yodzera ku Beira (tinamupempha kuti asauze anzake a m'ngolo zimene wanyamula). Patapita miyezi uthenga unabwera. Azakhali aja anaitana mphunzitsi kuti awawerengere, anamubwereza, kenaka anayala pepalalo pamphasa n'kulira maliro a mlongo wawo ngati wamwalira dzulo. Mudzi unasonkhana, anaphika mowa, ndipo nkhalambayo inameta. ANabanda atamva anangoti, "Tsopano bambo afika kwawo."

Chimene sindinayembekezere ndi mzere umene unayamba pakhomo panga. Aliyense anali ndi wake wogona kuno amene abale kumudzi sanaone manda ake: wa ku Ntcheu, wa ku Mulanje, wa ku Nkhotakota. Chaka choyamba cha ukwati wathu, Loweruka lililonse ndinkakhala kumanda, akuluakulu awiri a sosaite atakhala pamthunzi kundiyang'anira, ndi phula lenileni limene a Dona anaitanitsa kwawo. Esnati ankati anakwatiwa ndi munthu wa akufa, amoyo amangomubwereka. A Mbewe anagula buku lalikulu kuti sosaite izilemba aliyense woikidwa, ndi mudzi wake, ndi mfumu yake, ndipo anandiuza kuti ndisadumphe munthu ngakhale mmodzi, ngakhale wopanda womudziwa.

Phunziro ndinalitola, koma theka lokha. Chinthu chabwino cha kwa eni chimafunika kuchilowetsa pakhomo, akuluakulu akuona, osati kudumpha nacho mpanda. Koma kugoma msanga sindinasiye, ndipo Esnati akandiona maso akuwala ndi nzeru yatsopano amabisa polishi.

Apongozi anga anakhala zaka zambiri, ndipo m'zaka zonsezo sanandiyang'anepo kumaso kapena kundiyankhula mwachindunji. Ndinkangoganizira kuti nkhani ija sanaikhululuke yonse. Atadwala matenda awo omaliza anaitana Esnati, ine ndili panja pa zenera monga mwa malo anga.

"Umuuze mkamwini wangayo," anatero, "zilembo zanga akalembe yekha. Akakanikize msomali, zilowe. Ndikufuna zidzapukutike bwino."

Ndinakanikiza. Simenti itauma ndinabwererako ndi pepala. Ndinayamba ndapempha chilolezo, ndipo njinga ndinakwera yanga.